Dzina Likasowa pa Mndandanda

Mwezi uno tikambirane za thandizo la Boma kwa olemala. Thandizo la Social Cash Transfer linayamba ku Kalomo mu 2003, ndipo banja losauka limene muli munthu wolemala kwambiri lilandira ndalama zoposa za mabanja ena. Koma ndalamazi sizibwera zokha. Pafunika citupa ca NRC ndi kalata ya ku cipatala yotsimikizira kulemalako. Ndi canzerunso kulembetsa ku bungwe la ZAPD, limene lipereka makhadi kwa olemala monga mwa lamulo la 2012.

Nanga dzina likasowa pa mndandanda? Ambiri amangobwerera kunyumba ndi misozi, nati Boma lawakana. Iai, musafulumire kutaya mtima. Yambani mwafunsa a komiti ya CWAC ya kwanu cifukwa cake. Nthawi zina colakwa ndi cacing'ono: dzina la pa citupa lasiyana ndi la pa kalata ya dokotala, kapena kalatayo siinanene poyera kuti wodwalayo sangathe kudzisamalira. Zotere zimakonzeka.

Ngati yankho silikukhutiritsani, lembani dandaulo kwa mkulu wa ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Lembani tsiku, sungani kope, ndipo musasiye zitupa zanu zenizeni m'manja mwa munthu. Pitani ndi mboni, makamaka amene amasamalira wolemalayo usana ndi usiku, pakuti ndiye adziwa zimene pepala silinena. Wina akakupemphani ya fanta kuti dzina lilowe, kanani, kulembetsa n'kwaulere. Nkhani yotere ikaneneni ku ofesi ya Public Protector.