Kamera ya Mvukuto

Ana inu, masiku ano munthu ajambula chithunzi ndi foni, ndipo ntchito itha musanaphethire. Kale sikunali chomwecho. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kamera inali bokosi lopindika. Wojambula akalitsegula, m'kati munkatuluka chikopa chakuda chamakwinya, chonga mvukuto wa wosula makasu. Kutsogolo kwa mvukutowo kunali diso la galasi, ndi kumbuyo galasi lina lachimbuuzi.

Wojambula ankaimika bokosilo pa miyendo itatu, nafunda nsalu yakuda kumutu, naona pa galasi la kumbuyo munthu wojambulidwayo ali chadodolido, miyendo kumwamba. Ankakoka mvukuto kapena kuukankha kufikira nkhope itaoneka bwino. Pamenepo ankachotsa galasilo, naikapo lina lopakidwa mankhwala a siliva, amene asandulika akakhudzidwa ndi kuwala. Galasi limodzi linali la chithunzi chimodzi chokha. Pambuyo pake ankalitsuka m'chipinda cha mdima, momwe munkayaka nyali yofiira yokha. Ndipo taonani chodabwitsa: pa galasipo malaya oyera ankaoneka akuda, ndi nkhope yakuda inkaoneka yoyera, kufikira atasindikiza chithunzicho papepala.

Alipo ena amene aseka kamera yotere, nati inali yolemera ndi yochedwa. Kulemera inalemeradi, ndipo magalasi ake ankasweka pa ulendo. Koma ine ndiyesa kuti sitiyenera kuiseka, pakuti inatisungira zinthu zimene maso athu sakadaziona konse.

Ku Mishoni ya Blantyre kunali wosindikiza mabuku dzina lake Mungo Murray Chisuse. Iyeyu anakaphunzira ku Scotland, nakhala mmodzi wa Aafirika oyamba kujambula zithunzi m'dziko lino. Ndiye amene anajambula Mbusa John Chilembwe ndi mkazi wake Ida, ndi anthu a mishoni yawo ya ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Alendo ambiri ankajambula anthu akuda monga alendowo anafunira. Koma pamaso pa Chisuse anthu anavala zovala zimene anasankha okha, naima monga anafuna kuti adzukulu awo adzawaone.

Mu Januwale 1915 inabuka nkhondo ya Chilembwe. Asilikali a boma anagumula tchalitchi chake chachikulu cha njerwa, ndipo iye mwini anaphedwa pa 3 Febuluwale. Tchalitchicho chinagwa, koma zithunzi zake zinatsala. Ndipo nkhope imene muiona pa ndalama ya K500 tiidziwa chifukwa cha makamera a masiku aja.

Zithunzi zambiri zakale azisunga a Society of Malawi ku Mandala House, nyumba imene inamangidwa mu 1882. Koma zina zili m'midzi mwathu, pansi pa sutikesi, kumene chiswe ndi chinyezi zizidya pang'onopang'ono. Chondidetsa nkhawa koposa chiswe ndi ichi, kuti maina a anthu a m'zithunzimo aiwalika nkhalamba zikatsikira kuli chete. Mukapeza chithunzi chotere kwanu, musachigwire ndi manja amafuta. Pitani nacho kwa agogo, muwafunse kuti munthuyo ndani, anali wa mudzi uti, ndipo anajambulidwa chaka chanji. Ndipo mulembe zonsezo kumbuyo kwake ndi pensulo, pakuti inki ilowerera papepala.