Ndakatulo Siyezedwa pa Sikelo

Masiku ano achinyamata a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre amasonkhana madzulo kudzamvera ndakatulo zolakatulidwa pamaso pa anthu. Misonkhano yotereyi ili ya mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi bwalo la aliyense, pomwe munthu amangolembetsa dzina, napatsidwa maikolofoni kuti anene zakukhosi. Mtundu wachiwiri ndi mpikisano wotchedwa slam, pomwe alakatuli amapatsidwa malikisi ndipo wopambana amatenga mphoto. Anthu ambiri amayesa kuti mpikisanowu ndiwo pachimake pa luso. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akapanda kutsutsidwa adzalemaza alakatuli amawa.

Mpikisano wa slam unayambira mumzinda wa Chicago ku America. Anauyambitsa ndi Marc Smith, munthu wogwira ntchito ya zomangamanga, amene anatopa ndi misonkhano ya ndakatulo yomwe omvera ankangowodzerapo. Kuyambira mu 1986 mpikisanowu unkachitika Lamulungu lililonse pamalo achisangalalo otchedwa Green Mill. Malamulo amene anafala pambuyo pake ndi awa: mlakatuli amapatsidwa mphindi 3, amanena ndakatulo yopeka yekha, ndipo saloledwa kugwiritsa ntchito zoimbira kapena zovala zachisudzo. Oweruza 5 amatoledwa pakati pa omvera, ndipo aliyense amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Malikisi apamwamba kwambiri ndi apansi kwambiri amatayidwa, kenaka atatu otsalawo amaphatikizidwa.

Palibe angakane kuti nzeru ya Smith inabweza anthu ku ndakatulo. Koma malikisiwo anali nyambo yokopera omvera basi. Tsoka lake ndi lakuti ambiri ameza nyamboyo naiwala chimene anadzera.

Choyamba, oweruza otoledwa mwachisawawa amamva ndakatulo kamodzi kokha, mkati mwa phokoso, ndipo amagamula nthawi yomweyo. Chimene amayeza ndi kukweza mawu, manja a khamu ndi misozi. Okonza mipikisano eni ake amadziwa kuti malikisi amanka nakwera usiku ukamapita, kotero wolakatula koyambirira amagwa ngakhale ndakatulo yake ikhale yakupsa. Kodi sikelo yosintha ndi ola ingayeze luso?

Chachiwiri, mlakatuli wofuna mphoto amaphunzira msanga chimene chimagula malikisi. Amasiya mikuluwiko ndi zining'a zofuna kusinkhasinkha, nayamba kukuwa. Ena amaulula mabala a m'banja mwawo asanapole, pofuna kugwetsa misozi ya oweruza. Enanso amataya chilankhulo chawo natengera kalankhulidwe ka alakatuli a ku America amene amawaona pa YouTube, mpaka alakatuli khumi kumveka ngati munthu mmodzi. Pajatu ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Chachitatu, mpikisano umabala wopambana mmodzi ndi olephera ambiri. Mtsikana wamanyazi amene waima koyamba pamaso pa anthu, napatsidwa malikisi 5, amapinda pepala lake osabweranso. Malikisiwo samuuza mzere umene wafooka kapena fanizo limene lagwira mtima. Amangomuuza kuti walephera.

Dziko la Malawi lili ndi chitsanzo cha njira yabwino. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anakhazikitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Iwo ankakumana kuwerengerana zolemba zawo ndi kudzudzulana mosabisa, popanda malikisi kapena chikho. M'gulu limeneli munatuluka alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula ndi Lupenga Mphande. Popeza inali nthawi ya chipani chimodzi, iwo ankabisa choonadi m'zining'a. Ndakatulo zotero sizikadapambana mpikisano wa mphindi 3, komabe boma linaziopa. Mapanje anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kulemera kwa mawu ake sikunafune oweruza onyamula manambala.

Tsono mpikisano usathetsedwe, koma ubwezedwe pamalo pake ngati sewero lokometsera tsiku. Okonza misonkhano apereke nthawi yochuluka ku bwalo la aliyense, ndipo kulakatula kukatha alakatuli akhale pansi kuunikirana ntchito zawo, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Aphunzitsi oyang'anira makalabu a alembi m'sukulu za sekondale asasule ophunzira awiri okha okatenga chikho, ena onse nkumangoomba m'manja. Wophunzira naye, asanakwere pansanja, adzifunse ngati ndakatulo yake ingaimebe itawerengedwa mwakachetechete ndi munthu mmodzi m'chipinda. Ikalephera mayeso amenewo, malikisi 30 sangaipulumutse, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.