Mwana akalephera phunziro la Communication, musangoseka

 

Sabata yathayi ndinalandira kalata kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi ali chaka choyamba kukoleji, komwe akuphunzira za akaunti. Mtsikanayu wakhoza maphunziro onse kupatula limodzi, lija amalitcha Communication. Akuti atamufunsa anayankha kuti, "Amayi, musadandaule, limenelo n'longodzazira. Chingerezi ndinakhoza kale pa MSCE." Tsono mayiwa akufunsa kuti kodi adandaule kapena amusiye?

Mayi, dandaulani ndithu, koma musamukalipire. Khalani naye pansi, ndipo ngati n'kotheka mumuwerengere zomwe ndilembe panozi.

Nditapuma pantchito, koleji ina inandipempha kuti ndizikathandiza kuphunzitsa phunziro lomweli kwa ana a chaka choyamba. Ndinaona zomwe mwana wanuyu akunena. Likakhala phunziro la mankhwala kapena la thupi la munthu, ana amalimbirana mipando yakutsogolo. Ikakwana nthawi yanga, onse kumbuyo, foni m'manja. Choncho tsiku loyamba sindinkatsegula buku ayi. Ndinkayamba ndi nkhani iyi.

Ndili namwino wachitsikana, m'zaka za m'ma 1980, ndinalowa ntchito ya usiku m'wodi ya ana. Masiku amenewo malungo aakulu tinkachiza ndi kwinini, ndipo ankaperekedwa pakatha maola 8 aliwonse. M'buku la lipoti, mnzanga wa masana analemba kuti mwana wa pabedi lakumapeto ali ndi malungo ndipo adokotala alamula kwinini. Basi. Sanalembe ngati wamupatsa kale, sanalembe nthawi, ndipo pakhadi la mankhwala sanasaine. Ine ndinaganiza kuti mwanayo sanalandire kanthu. Ndinakonza jekeseni n'kupita pabedipo. Mayi ake a mwanayo, omwe anakhala pansi pambali pa bedi, anandigwira diresi n'kunena chapansipansi kuti, "Anesi, ameneyutu amubaya kale dzuwa likulowa."

Mtima wanga unagunda. Kwinini akachuluka amatsitsa shuga m'magazi ndipo amasokoneza kagundidwe ka mtima. Kunalibe foni zam'manja, ndiye tinachita kutuma mlonda kunyumba za anamwino kuti akamufunse mnzangayo. Zinalidi zoona, anali atamubaya. Mnzanga uja ankadziwa mankhwala kuposa ine, ndipo mayeso ake anakhoza bwino kwambiri. Chomwe chinatsala pang'ono kupha mwana wa eni ndi mzere umodzi wokha umene sanalembe.

Ndikamaliza nkhaniyi, foni zija zinkalowa m'matumba.

Anthu ambiri amaganiza kuti phunziroli ndi la galamala. Galamala ilimo, koma mtima wa phunziroli ndi mafunso atatu amene munthu ayenera kudzifunsa asanalembe kalata, memo, lipoti kapena imelo. Ndikulembera ndani? Ndikufuna achite chiyani? Achite pofika liti? Wina akhoza kulemba masamba awiri a Chingerezi chozuna, koma bwana n'kumaliza kuwerenga osadziwa chomwe akupemphedwa.

Kuchipatala tili ndi njira yoperekera lipoti yotchedwa SBAR. Inayambira kwa asilikali a pamadzi a ku America, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala za Kaiser Permanente za dziko lomwelo zinaitengera kuntchito ya zaumoyo. M'chaka cha 2007 bungwe la WHO linailimbikitsa pa malangizo ake okhudza kupatsirana odwala pakati pa ogwira ntchito. Njirayi ili ndi masitepe anayi. Choyamba, nena chomwe chachitika panopa. Chachiwiri, fotokoza mwachidule mbiri yake. Chachitatu, nena mmene iweyo ukuonera vutolo. Chachinayi, nena chomwe ukufuna kuti chichitike. Ine ndaona kuti njirayi imagwira ntchito paliponse, kaya ndi kugalaja, kubanki, kusukulu kapena kuesiteti ya fodya.

Ndinkawapatsa ana ntchito yakuti alembere bwana uthenga wonena kuti filiji yosungira katemera yasiya kugwira ntchito. Ambiri ankayamba ndi moni wautali, kupepesa posokoneza, kufotokoza mmene anadzukira, ndipo filijiyo inkatulukira m'ndime yachitatu. Ena ankangolemba kuti, "Bwana, kuno zavuta." Kenaka tinkalemba limodzi motere: "Filiji ya katemera yazima kuyambira 6 koloko m'mawa uno. Inazimanso kawiri mwezi watha. Ndikuganiza kuti vuto ndi batire ya sola. Katemera ndamuika m'mabokosi ozizira, koma ndikupempha galimoto lifike isanakwane 12 koloko kuti timusamutse." Mwaona? Mizere inayi yokha, ndipo bwana akudziwa chochita asanamalize n'komwe kumwa tiyi. Uthengawu uli m'Chichewa, komabe ndi kalembedwe kabwino ka pantchito. Nkhani yagona pa kuganiza molongosoka.

Palinso mbali ya malamulo imene achinyamata ambiri amaidziwa madzi atafika kale m'khosi. Lamulo la za ntchito la m'dziko muno la chaka cha 2000 limati olemba ntchito azipereka kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake ndi malipiro ake. Limatinso munthu wolandira malipiro pamwezi akafuna kusiya ntchito apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga chikalata asanasaine, wodziwa kulemba kalata yokhala ndi deti, komanso wodziwa kufotokoza mbali yake modekha. Ndikudziwa mnyamata wina amene anapempha tchuthi cha maliro pakamwa chabe, akudutsana ndi bwana pakhonde. Atabwerera anapeza kalata yomufunsa chifukwa chake anajomba masiku anayi. Bwana uja anati sakukumbukira. Ife anamwino timati chomwe sichinalembedwe sichinachitike, ndipo mukapita ku khoti la za ntchito mudzapeza kuti mapepala ndi amene amayankhula mokweza.

Ena mwa ana anga m'kalasi ankandiuza kuti, "Madamu, masiku ano ChatGPT imatilembera zonse." Zoona, makinawa amasalaza chiganizo bwino kuposa ine. Koma sadziwa nthawi imene mwana wa pabedi lakumapeto anabayidwa jekeseni. Sadziwa kuti bwana wako amawerenga mizere itatu yokha n'kusiya. Ukapatsa makina maganizo osokonekera, amakubwezera maganizo omwewo atavala suti. Ndipo pa intavyu, kapena pamsonkhano wa m'mawa bwana akakuloza chala kuti ufotokoze, umakhala wekha ndi pakamwa pako.

Tsono makolo, musaganize kuti ntchitoyi ndi ya aphunzitsi a kukoleji okha. M'mera mpoyamba. Ana amene ankavutika kwambiri m'kalasi mwanga sanali opanda nzeru. Ambiri anali oti kwawo sankaloledwa kutsegula pakamwa akuluakulu alipo. Ulemu ndi wabwino ndipo tisautaye, koma mwana amene wakula akumva "khala chete" tsiku ndi tsiku adzakhalanso chete tsiku lomwe adzaone dokotala akulakwitsa mlingo wa mankhwala. Mukamutuma mwana kuchigayo kapena kugolosale, akabwera muuzeni afotokoze: anapeza chiyani, analipira zingati, chenji ndi zingati. Akajomba kusukulu chifukwa cha matenda, alembe yekha kalata yopita kwa aphunzitsi, inu muione n'kusaina. Ngati muli m'gulu la banki m'khonde, mupempheni akuthandizeni kulemba mfundo za msonkhano wanu. Akafunsa funso musamunyoze, pajatu safunsa anadya phula.

Kwa inu a m'banja latsopano, khalani mkonzi wa mnzanu. Abambo akalemba kalata yofunsira ntchito, amayi aiwerenge mokweza. Pomwe amayiwo akakamira powerenga, dziwani kuti bwananso akakakamira pomwepo. Onani ngati dzina la kampani lalembedwa molondola, chifukwa ena amatumiza kalata imodzimodzi kumalo khumi osasintha dzina. Ndipo gwirizanani lamulo ili m'nyumba mwanu: uthenga wolembedwa ndi mkwiyo ugone kaye usiku umodzi. Mawu olemba pa gulu la WhatsApp la kuntchito safufutika ngakhale muwafufute, chifukwa pamakhala wina amene wajambula kale. Ntchito ikatha chifukwa cha mizere iwiri yolembedwa pakati pausiku, poto amene amagona chadodolido ndi wa banja lonse.

Masitepe anayi aja yesaninso kunyumba. M'malo moti, "Inu simusamala za ana," yesani kunena kuti, "Bambo a mwana, fizi yatsala K40,000, sukulu yatipatsa mpaka Lachisanu, ine ndikuona kuti malipiro safika nthawi yake, bwanji tigulitse thumba limodzi la soya mawa?" Mudzaona kuti mkangano wafupika.

Ndibwerere kwa mayi amene munandilembera. Muuzeni mwana wanuyo kuti satifiketi ya akaunti idzamulowetsa pakhomo la ofesi, koma tsiku lomwe adzapeze kuti ndalama za kampani sizikugwirizana ndi mabuku, adzafunika kulemba lipoti lomveka, lokhala ndi madeti ndi manambala, lopita kwa munthu woyenera. Akadzalemba mosokoneza kapena akadzangonong'oneza wina pakhonde, chala chidzaloza iye. Abwereze phunzirolo ndi mtima wonse, akhale mpando wakutsogolo, ndipo ntchito iliyonse imene aphunzitsi amubwezera ili ndi inki yofiira ailembenso kachiwiri.

Ine mpaka lero ndimawakumbukira mayi aja amene anandigwira diresi. Sanapite patali ndi sukulu, koma ananena chinthu choyenera, kwa munthu woyenera, pa nthawi yake. Mwana wawo anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu akuyenda yekha.

Pitirizani kundilembera, ana anga. Tikumanenso Lamulungu likudzali.