Ntchito ya Ofufuza za Khansa ku Neno Iyambira pa Kaundula

Chiyambire chaka cha 2007, pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma la Neno, madokotala ndi anamwino a kumeneko akhala ali kusunga mbiri ya odwala khansa. Gawo lalikulu la kufufuza kwawo lichitikira pa kaundula wa zipatala za Neno ndi Lisungwi, ndiponso m'tinjira ta m'mapiri a ku Dambe, kumene azaumoyo a m'midzi amalondola wodwala amene walumphitsa tsiku lache.

Phindu la khama limeneli linaoneka. Mu 2014 ofufuzawo analengeza kuti mwa odwala ofuna chithandizo chochepetsa ululu, ochuluka anali a khansa, makamaka ya Kaposi ndi ya khomo la chiberekero. Mu 2015 anasonyeza kuti odwala Kaposi angathe kuthandizidwa bwino pa chipatala cha kumudzi, mankhwala ache akaperekedwa pamodzi ndi ma ARV.

Tsono chotsalira ndicho okalamba. Nkhalamba ikamalephera kumeza nsima, abale angayese kuti ndi ukalamba chabe, chonsecho Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ichuluka koposa. Wosafika pa chipatala salowa m'kaundula, ndipo wosalembedwa sawerengedwa pamene Boma lilinganiza za mankhwala. Chifukwa chache aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti mau awo amamveka m'midzi, ayenera kulangiza mabanja kuti aziperekeza makolo awo ku chipatala nthenda isanakule.