Amalume, ine sindikwera

Zidayamba ndi foni. Alamu anga omwe ali ku Joni adatumiza kavidiyo pa WhatsApp koonetsa ana awo akukuwa pa chisitima chokhotakhota m'malere ku Gold Reef City, mumzinda wa Johannesburg. Mayi akunyumba, mmalo moonera okha mwakachetechete, adaitana nyumba yonse. Kuchokera tsiku limenelo nsima sindidaidyenso mwamtendere. Mbamu iliyonse imatsagana ndi funso lakuti ife tidzapita liti.

Pofuna kupuma, ndidalankhula mosaganiza. Ndidati aliyense akakhoza mayeso a teremu yachitatu ndidzawatengera kokasewera pa holide. Ndimayesa kuti mmodzi alakwa, ndipezerepo pothawira. Onse atatu adakhoza. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, ndipo mwezi wa Ogasiti udafika mutu wanga uli pambale.

Ndikuuzeni za atatuwa. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 11, mzime ndi mnyamata wa zaka 6. Wachitatu ndi mphwanga wa zaka 10, mwana wa malemu mchemwali wanga, yemwe ndidakamutenga kumudzi ku Chiradzulu titaika maliro a mayi ake zaka ziwiri zapitazo. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, mwinimbumba ndi iwe amalume. Sindidakakamizidwe ndi aliyense, ndipo ndakhala ndikudzitama kuti pakhomo panga palibe tsankho. Mbale ndi imodzi, sopo ndi mmodzi, chikwapu chikamagwa chimagwera onse.

Usiku woti mawa ndi ulendo, tidakhala pansi ndi mayi akunyumba kuwerengetsera. Inu amene mumalandira kumapeto kwa mwezi mukudziwa kuti chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala la K5,000 lidasanduka lopepuka ngati tsamba la mbatata. Tidachotsa ya lendi, ya makala, ya madzi a pakiyosiki, ya mayunifolomu a mu Seputembala. Yotsalayo tidaigawa: minibasi anthu asanu kupita ndi kubwera, yolowera pageti, yamasewera. Imaperewera pang'ono basi. Apo ndi pomwe ndidausa moyo nkunena kuti, “Anawa akadakhala awiri, bwenzi zitakwana bwinobwino.”

Ndidangonena ngati masamu. Koma nyumba zathu za ku Ndirande mukuzidziwa, siling'i mulibe, khoma limalekera m'njira. Ukatsokomola kuchipinda, wa pabalaza amati pepani.

Mmawa udafika ndi kamphepo kaja ka mu Ogasiti konyamula fumbi. Ana adadzuka tambala asanatsike, adasamba osatumidwa, adadzola mafuta mpaka nkhope zimachita kung'anima. Mayi adaphika mpunga ndi mazira, adasungunula Sobo m'botolo lalikulu, zonse m'chikwama. Ine ndidali nditapempha tsiku kuntchito. Mu minibasi mzime adakhala pamiyendo panga, mphwanga adanyamula chikwama, ndipo kondakitala atati ana awiri akuluwo alipire ngati akuluakulu, tidakangana mpaka pa siteji yotsikira. Adapambana ndi iye.

Malowo sindiwatchula. Ndi amodzi mwa malo otchingidwa ndi mpanda omwe achuluka mumzinda muno, komwe kuli jumping castle, akatungwe, timagalimoto tamabatire, chozungulira chokhala ndi timahatchi, ndi mtsikana wopenta ana kumaso kuti aoneke ngati akambuku. Poyerekeza ndi za mu vidiyo ya alamu, ndi kachidole chabe. Koma mukadaona maso a ana anga pageti paja, simukadanena choncho.

Choyamba, mlonda adati chakudya chochokera kunja sichilowa. Chikwama chathu cha mpunga chidatsala m'kanyumba kake pamodzi ndi zikwama za makolo ena omwe adaganiza ngati ife. Chachiwiri, ndalama ya pageti idali yongolowera. Sewero lililonse lidali ndi tikiti yakeyake, ya mphindi zowerengeka. Ndidapisa m'thumba, kuwerenga ndi zala osatulutsa, nkupeza kuti mwana aliyense akwera ziwiri, kenako tiziona anzathu.

Tili pamzere wa matikiti, mphwanga adandikoka malaya.

“Amalume, ine sindikwera. Ndimachita chizungulire. Ingogulirani awiriwa.”

Abale, apa ndiyenera kuulula. Mtima wanga udakondwa. Ndidawerengetsa msangamsanga kuti ndiye kuti awiriwo akwera zitatu aliyense, ndipo ndidayankha kuti chabwino mphwanga, ukhale pabenchipo usunge majuzi. Mwana amene amakwera mtengo wa mango mpaka kunsonga, amene amayenda pamwamba pa paipi yodutsa pa Nasolo ngati ali pamsewu, akundiuza za chizungulire, ine nkuvomera.

Adakhaladi pabenchi, majuzi atatu pamiyendo. Azibale ake akamadutsa pa timahatchi amawabayibitsa, akumwetulira. Koma mapazi ake amagunda pansi motsatira nyimbo, ndipo anzake akalumpha m'chibaluni muja, mapewa ake amanyamuka nawo.

Mayi akunyumba ndi omwe adanditsina m'nthiti.

“Abambo, mwanayu adatimva usiku uja.”

Sadaonjezere china. Adamasula mfundo ya pakona ya chitenje, natulutsa ndalama yomwe amayenera kukasonkha ku banki m'khonde Loweruka. Ine ndimadziwa tanthauzo lake: akalephera kusonkha, pali chindapusa, komanso pali pakamwa pa azimayi anzawo. Adapita okha pawindo, adagula matikiti atatu, nakamuimirira mwanayo kutsogolo.

“Dzuka. Majuziwo apatse amalume ako, sadabwere kudzaonerera.”

Adakanakana, maso ali kwa ine. Ndidamuuza kuti apite, mawu akutuluka movutikira. Adavula nsapato, kuziika bwinobwino pambali pa za anzake, nalowa. Adalumpha kamodzi, kawiri, kachitatu adachita chidule m'malere mpaka ana ena adaima kumuonerera. Ndipo nthawi yomweyo magetsi adathima.

Amene simudaonepo jumping castle ikuphwa, ndi chinthu chomvetsa chisoni. Chimakupiza chikangoleka kulira, nsanja zija zimawerama ngati nkhalamba, khoma limagwera mkati, ana amatuluka chokwawa, ena akulira. Nyimbo zidaleka, timahatchi tidaima. Adati tidikire jenereta. Tidadikira. Kenako kudamveka kuti mnyamata wapita kukasaka mafuta. Patatha ola ndidapita kukafunsa ngati angatibwezere ya matikiti omwe sadagwire ntchito, ndipo adandiyankha mwaulemu ndithu kuti ndalama ikalowa siituluka, koma tikhoza kudzabweranso nawo tsiku lina. Ngati kuti tsiku lina minibasi idzakhala yaulere.

Tidatenga chikwama chathu kwa mlonda nkutuluka. Nthawi idali isanakwane 12 koloko, ndipo kubwerera kunyumba nthawi imeneyo kukadakhala kuvomereza pamaso pa aneba kuti ulendo walephereka. Ndipamene ndidakumbukira malo omwe aphunzitsi athu adatitengerako ndili Sitandade 6, ku Museum ya ku Chichiri, kufupi ndi maofesi a khonsolo ya mzinda. Nyumbayi idatsegulidwa mu 1966, ndipo ambiri timangoidutsa pa msewu wa Masauko Chipembere osadziwa kuti tikusiya chiyani. Yolowera idali yochepa kuyerekeza ndi komwe timachokera.

Mkati ana adaona zida za makolo, mikondo, makasu akale, ndalama zakale. Koma chomwe chidawagwira mtima chidali panja: mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto, ndi nyumba yachikale yofolera udzu. Mzime adafunsa kuti kiyi wa sitimayo amalowetsa pati. Ndisanayankhe, mphwanga adali atagwada kale kusuzumira pansi pake, akutsatira ndi chala chitsulo chochokera kutsogolo kukafika kumateyala. Ndidawafotokozera zomwe ndikudziwa, kuti amasonkha moto, madzi nkuwira, nthunziyo nkumakankha chitsulocho uku ndi uku, icho nkumazunguza mateyala. Iye adati, “Ndiye kuti ndi ketulo yaikulu.” Ndakhala zaka zoposa 40 osaganizapo choncho.

Tidayala chitenje pamthunzi nkutsegula mpunga uja, womwe tsopano udali utazizira. Apo ndidawauza kuti njanji idafika mu Blantyre mu 1908, ndipo kuti dzina loti Wenela, lomwe iwo amangolidziwa ngati pokwerera mabasi, lidachokera ku bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Agogo awo, bambo anga ndi a malemu mchemwali wanga, adapita nawo ulendo umenewo, adabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chomwe sichidathe mpaka imfa. Ulendowu udaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 omwe amachokera kumigodi. Ndipo Gold Reef City yomwe ija, ndidawauza, idamangidwa pamalo pa mgodi wa golide womwe udatsekedwa mu 1971. Ana a alamu akuseweretsedwa m'malere pamwamba pa maenje onga omwe agogo awo ankalowamo ndi nyali pachipumi.

Wachisamba adati nkhaniyo ndi yotopetsa. Mphwanga adafunsa ngati mayi ake adaiona njingayo. Ndidati adaphunzirira pomwepo kupalasa, ndipo adagwa nayo m'munda wa nandolo ine ndili pakaliyala. Adaseka mpaka Sobo adamutuluka m'mphuno. Chibwerereni pakhomo panga, kadali koyamba kuti titchule mayi ake popanda wina kuyang'ana kumbali.

Pali chomwe chimandiwawa ndikamaganiza za tsikuli, ndipo si magetsi ayi. Ife tikukula m'Ndirande momwemu, kusewera sikudali ndi geti. Tinkamenya chikulunga pabwalo mpaka mdima, atsikana ali pa fulaye ndi phada, tinkapanga magalimoto amawaya, tinkakwera phiri kukasaka zipatso mitengo isanathe. Lero yendani ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ku Machinjiri, muwerenge malo omwe mwana angathamange osagunda khoma la munthu kapena kugundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Pomwe padali bwalo pali maziko a nyumba, pali bala, pali tchalitchi, pali potsukira magalimoto. Tikamagawana malo timakumbukira aliyense kupatula ana, pomwe ndi iwo ochuluka m'makwalalamu. Ngakhale pa Njamba, pomwe Papa Yohane Paulo Wachiwiri adachitira Misa mu 1989, ambiri timapadziwa chifukwa cha misonkhano ya ndale ndi ya mapemphero. Ndi makolo angati amene amaganiza zopita ndi ana pamenepo Loweruka masana?

Sindikudana ndi amene atsegula malo olipiritsa. Adaika ndalama zawo, amalipira antchito, ndipo ana amasangalaladi magetsi akakhalapo. Koma katungwe ndi mitengo iwiri, chitsulo chopingasa ndi unyolo. Mipingo yathu ili ndi mabwalo omwe amakhala chotsekera kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Sukulu zili ndi mabwalo omwe pa holide amangomera udzu. Makhansala ndi aphungu akamabwera kudzapempha mavoti, timawafunsa za milatho ndi misika, ndipo nzoona nzofunika, koma sindidamvepo munthu akuimika dzanja kufunsa kuti ana a m'dera lino azisewera kuti. Inenso sindidafunsepo.

Ya minibasi yobwerera idali yokwanira anthu atatu. Ndidakweza mayi ndi ana awiriwo, ine ndi mphwanga tidauyamba wapansi, kudutsa pa Kamuzu Stadium, kutsetsereka ndi msewu wa Makata pakati pa mafakitale. Tidayenda nthawi yaitali osalankhula. Ndimasakasaka poyambira, chifukwa kwathu munthu wamkulu kupepesa mwana sitidazolowere.

Tikuyandikira kumsika ndidati, “Mphwanga, zomwe udamva usiku zija, ndidalankhula molakwa. Pakhomo paja ana alipo atatu.”

Sadayankhe. Adapitiriza kumenya kamwala ndi nsapato. Kenako adapisa m'thumba la kabudula natulutsa matikiti awiri aja omwe sadang'ambidwe, atawapinda kanayi.

“Awa ndisunge ndine, amalume, kapena ndiwapatse azakhali?”

Ndidati asunge yekha. Ali m'kope lake la masamu, ndipo wandifunsa kale kawiri ngati matikiti amatha mphamvu.