Mwana adziwe mtengo wa malaiti ndi malasha

Caka ca 2024 sitinaciiwale. Mvula inadula, cimanga cinapsa m'minda, ndipo mu February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anafika pomazima maola 21 pa tsiku m'madera ena. Zigayo zinaima, thumba la malasha linadula, ana athu anali kuwerenga pa kandulo. Koma lero pitani pa masukulu ena, mudzapeza babu ya m'kalasi ikuyaka dzuwa lili pamutu, wozimitsa palibe.

Ife sitikuona kuti anawa ndi osamva iyai. Palibe anawaonetsa cabe. Mwana amaloweza mau akuti “sungani malaiti” kuti akaphase mayeso, koma sanaimepo pa mita kuona mayunitsi akutsika.

Aphunzitsi, tengani ana a Giredi 5 kapena 6, mupite nao pa mita ya sukulu Lolemba, alembe nambala, akaonenso Lacisanu. Samu yake ndi yapafupi. Babu yakale ya mawati 60 ikamayaka maola 10 usiku uliwonse imadya mayunitsi 18 pa mwezi, pamene ya LED ya mawati 9 siifika ngakhale pa mayunitsi 3. Mwana amene waiwerengera yekha samuyi safuna womukumbutsa.

Ambiri a ife kumidzi waya wa ZESCO sunatifike, koma nkhaniyi ndi yathunso, mwina kuposa a m'tauni. Ife timadalira nkhuni ndi malasha, ndipo amene amayenda mtunda kukatheba nkhunizo ndi ana omwewa, makamaka atsikana. Aphunzire kuviika nyemba m'madzi usiku kuti zipse msanga, kuvindikira poto, kusonkha nkhuni zouma, ndi kuzima malasha otsala pa mbaula nsima ikapsa kuti akagwire nchito mawa. Kalasi liyese: mapoto awiri ofanana, wina wovindikira wina wapululu, aone amene ayambe kuwira. Izi sizifuna ndalama za boma.

Pobvuta ndi pakhomo. Mwana akanena kuti, “Atate, TV mwaisiya ilikulira,” kapena “Amai, nsimbi ikali pa malaiti,” ambiri timati wacita mwano. Tikatero, zimene waphunzira zimathera pa geti ya sukulu. Mwana wanena mwaulemu, tidzuke tikazimitse.

Sitikunamiza munthu kuti ana akazima mababu Kariba adzadzaza. Migodi ndiyo imadya gawo lalikulu la malaiti a dziko lino, ndipo mlandu umenewo ngwa boma ndi ZESCO. Koma mayunitsi a sukulu amadya ndalama imene ikanagula coko ndi mabuku, ndipo mitengo ikutha ndi ya m'mphepete mwa minda yathu.

Pa msonkhano wa PTA wa temu ino, makolo tipemphe ahedi kuti kalasi lililonse lisankhe mwana mmodzi mlungu uliwonse wozima malaiti potuluka, ndipo nambala za pa mita zizilembedwa pa bolodi poonekera onse.