Mlendo Adadza ndi Kalumo Kakuthwa: Phunziro la Ayuda a ku Ndola kwa Ife a ku Mchinji

Pa 27 September 2021 mu mzinda wa Lusaka mudamwalira nkhalamba ya zaka 96, dzina lake Simon Zukas. Ambiri a ife kuno ku Mchinji dzinali sitilidziwa, ngakhale kuti munthuyu adamenya nkhondo imene ife tomwe tidamenya, nkhondo yokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Tikuyenera kuidziwa mbiri yake, makamaka ife antchito a Boma ndi aphunzitsi okhala m'boma la m'malire, pakuti funso limene iye adaliyankha ndi moyo wake limatipeza pa ntchito tsiku ndi tsiku. Funsolo ndi ili: kodi chilungamo chiyenera kufunsa munthu kumene adabadwira?

Zukas adali Myuda. Adabadwa ku Lithuania mu 1925, ndipo adafika ku Northern Rhodesia mu 1938 ali mnyamata. Patangopita zaka zitatu, ankhondo a Hitler ndi owathandiza adayamba kupha Ayuda amene adatsala ku Lithuania, kufikira adaonongeka oposa 9 mwa 10 alionse. Wopulumuka pa tsoka lotere akadatha kunena kuti zandikwana, ndikhale chete ndidye zanga. Ndiponso malamulo a atsamunda adamuwerengera pamodzi ndi Azungu, kotero kuti khomo lililonse lidali lotseguka kwa iye, pamene munthu wakuda ankagulira nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala.

Iye sadakhale chete. Ataphunzira za uinjiniya ku Cape Town, adalowa ntchito ku khonsolo ya mzinda wa Ndola, ndipo mu 1951 adagwirizana ndi anyamata achiafrika kukhazikitsa komiti yokana Chitaganya. Mwa iwo mudali Justin Chimba, Nephas Tembo ndi Reuben Kamanga, mwana wa kwa anansi athu ku Chipata, amene adadzakhala wachiwiri kwa Pulezidenti Kaunda mu 1964. Anthuwa adaona msanga kuti Chitaganya chidzatenga chuma cha migodi ya kopa ndi thukuta la anthu a ku Nyasaland n'kukanenepetsa Salisbury. Boma la atsamunda lidapsa mtima. Mu 1952 lidamgwira Zukas, kumtsekera m'ndende ku Livingstone miyezi ingapo, ndi kumpirikitsira ku Britain. Sadaloledwe kubwerera kufikira Zambia idalandira ufulu mu 1964.

Tsono pano pali chinthu chimene mphunzitsi aliyense ayenera kuchigwiritsa. Sir Roy Welensky, amene adali Nduna Yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, nayenso bambo wake adali Myuda wochokera ku Lithuania komweko. M'nthawi ya ulamuliro wake mudagwa zoopsa za pa 3 March 1959, pamene Dr. Banda adatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo ndipo anthu athu adaomberedwa ku Nkhata Bay. Anthu awiri a muzu umodzi adaima mbali ziwiri zotsutsana. Ayuda ena ambiri a m'mizinda ya Northern Rhodesia adangoyang'ana malonda awo osalankhulapo kanthu. Kotero amene amatamanda kapena kunyoza mtundu wonse chifukwa cha munthu mmodzi alakwa. Chimene chidasiyanitsa Zukas ndi Welensky ndicho chisankho cha mtima wa yense wa iwo.

Nkhaniyi siithera pa Chitaganya. Mu 1991 Zukas adasankhidwa kukhala phungu wa ku Sikongo m'chipani cha MMD, napatsidwa unduna m'boma la Pulezidenti Chiluba. Mu 1996 bomalo lidasintha malamulo oyendetsera dziko kuti wofuna upulezidenti akhale amene makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia. Aliyense adadziwa kuti muviwo udalunjika pa Dr. Kenneth Kaunda, amene makolo ake adachokera kuno ku Nyasaland. Zukas adali atathandiza kuchotsa Kaunda pa mpando mwa chisankho, komabe adatula pansi unduna wake pokana lamulolo. Anansi athu adalichotsa okha lamuloli mu 2016, ndipo tiwayamikira. Koma tisaiwale kuti pa tsiku limene magazi achimalawi adasandutsidwa mlandu, mmodzi wa amene adataya mpando chifukwa cha ichi adali mwana wa othawa kwawo.

Gulu lonse la Ayuda a ku Zambia nalonso lidasiya chizindikiro. Pakati pa zaka za m'ma 1950 adaposa 1,000, koma pambuyo pa ufulu ambiri adasamuka. Otsalawo, kudzera m'bungwe lawo la Council for Zambia Jewry limene Zukas adalitsogolerapo, adagulitsa malo ndi nyumba za gulu lawo, ndipo zina mwa ndalamazo adazigwiritsa ntchito ku Zambia komweko. Adathandiza nazo kumanga sukulu ya madotolo ya Copperbelt University mu mzinda womwe uja wa Ndola. Akuluakulu adanena zoona kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Nanga ife a ku Mchinji tichite nazo chiyani? Malire athu adalembedwa ndi atsamunda, pamene Mchinji inkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Mzerewo udadula pakati pa Achewa a Kalonga Gawa Undi ndi pakati pa Angoni a Mpezeni. Alipo ana m'sukulu zathu amene amayi awo ndi a kuno, bambo awo a kutsidya. Alipo amayi amene amaoloka pa Mwami ndi mtanga wa mtedza kapena nsalu zogulitsa. Maboma awiriwa adachita mbali yawo: njanji ya Mchinji mpaka Chipata idatsegulidwa mu 2010, ndipo mu December 2022 adatsegula chipata chimodzi chothandizira apaulendo a mbali zonse ziwiri pa malo amodzi. Koma nyumba yokongola siithandiza mayi wa mtanga ngati kalaliki wokhala m'katimo amchedwetsa dzuwa lonse, pamene mwini lole wapatsidwa mapepala ake m'mawa.

Chimodzimodzinso m'maesiteti a fodya. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito ndi kuletsa utenanti, mchitidwe umene banja lonse limalima chaka chathunthu, kudya chimanga cha ngongole, n'kutuluka pa nthawi yogulitsa fodya manja ali m'khosi. Matenanti ambiri ndi alendo m'dera limene akulimalo, ochokera m'maboma ena, opanda mfumu yawo kapena mbale wowayankhulira. Boma lidapereka lamulo, koma lamulo lilibe miyendo. Miyendo yake ndi mkulu wa zantchito amene afika pa esiteti osadikira kuitanidwa, ndi mphunzitsi wamkulu amene afunsa chifukwa chake mwana wa tenanti wasowa m'kalasi nyengo yosoka fodya.

Ena adzati: ife tili ndi mavuto athu, malipiro ndi ochepa, galimoto ya ofesi ilibe mafuta, tisamalire kaye athu. Zovutazo ndi zoona ndipo sitizipeputsa. Koma palibe akupempha wantchito wa Boma kulowa m'ndende ya Livingstone kapena kutaya unduna. Chofunika kwa iye ndi chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimenecho: kulemba dandaulo la wosauka m'buku monga alembera la wolemera, ndi kukana kufunsa mtundu wa munthu asanamve mlandu wake. Ndipo tikumbuke kuti amuna a kuno adakhala alendo m'migodi ya ku Joni ndi m'mapulazi a ku Rhodesia, ndipo ana athu ali alendo ku Johannesburg ngakhale tsopano. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Inu aphunzitsi, pophunzitsa za kutha kwa Chitaganya pa 31 December 1963, tchulani ngwazi zathu monga mwa nthawi zonse, koma muonjezepo dzina la Simon Zukas pambali pa la Welensky, ana adzifunse okha chimene chidawasiyanitsa. Ndipo inu a m'maofesi a pa boma ndi a pa chipata, mlendo akaima pa tebulo lanu mawa, mthandizeni monga mmene mukadafunira kuti mwana wanu athandizidwe kutsidya.